Pakhonde la Buku: Tsamba la Mphatso ndi Zamkatimu

Mlendo akafika pakhomo sayamba ndi nkhani imene wadzera. Amayamba waodira, eni khomo amamulandira katundu, amamuyalira mphasa pakhonde, ndipo malonje akatha m'pamene nkhani zikuluzikulu zimatuluka. Buku nalonso lili ndi khonde lake. Ndikunena masamba owerengeka aja amene timawadumpha pothamangira mutu woyamba: tsamba la dzina la buku, tsamba lonena za umwini ndi chaka chosindikizira, tsamba limene mlembi amaperekerapo bukulo kwa munthu wina ngati mphatso, ndiponso tsamba la zamkatimu. Ife okonda zolembalemba za Chichewa timatha tsiku lathunthu tikutsutsana za ampangankhani, za tsatanetsatane wa nkhani kapena za zining'a za m'ndakatulo, koma zikafika pamasamba amenewa timangoti imeneyo ndi ntchito ya osindikiza. M'nkhani ino ndiima pamasamba awiri okha, la mphatso ndi la zamkatimu, chifukwa ndaona kuti m'mabuku ambiri amene tikutulutsa masambawa asokonezerana ntchito, ndipo kusokonezekako kukuchotsera ulemu anthu omwewo amene timafuna kuwalemekeza.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, popeza wodzudzula anzake ayenera kuyamba waonetsa chilonda chake. Kabuku kanga koyamba ka nkhani zazifupi ndidakapereka kwa achemwali anga, amene adandilipirira sukulu ya sekondale ndi ndalama za mandasi koma adatisiya kabukuko kasadatuluke. Ndidawalembera mizere iwiri yokha. Tsiku limene mabuku adafika kuchokera kosindikiza ndidatenga limodzi n'kupita nalo kwa alamu anga, amuna a malemuwo. Adalitembenuza uku ndi uku, adatsegula masamba oyamba mpaka kufika pankhani yoyamba, n'kubwereranso m'mbuyo. Kenaka adati, "Alamu, paja mudati dzina la malemu lili m'bukumu? Nanga lili pati?" Ndidawalandira bukulo n'kuyamba kufunafuna nanenso. Mizere yanga iwiri ija idali pansi penipeni pa tsamba la umwini, m'munsi mwa nambala ya ISBN ndi keyala ya osindikiza, m'tizilembo tating'ono ngati ta papepala la mankhwala. Pamwamba pake padali mutu wa zilembo zikuluzikulu wakuti KUDZIPEREKA. Patsamba la zamkatimu mutu womwewo udatsogola nkhani zonse ngati kuti nawonso ndi nthano, ndipo nambala ya tsamba imene adaika pambali pake idali yolakwika. Alamu anga sadadandaule. Adangoti, "Chabwino, bola lilipo," n'kuika bukulo pawindo. Mawu amenewo akundiwawabe mpaka lero.

Sindingaloze chala wokonza masamba yekha ayi. Iye adandipatsa pulufu, ine ndidawerenga nkhani zonse kawiri ndikusaka chilembo cholakwika, koma masamba oyambirira ndidangowaponyera diso n'kusayina kuti asindikize. Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi chizolowezi chotsegula masamba amenewa m'buku lililonse limene ndalipeza, kaya m'sitolo, mulaibulale kapena pamwambo wokhazikitsa buku, ndipo ndapeza kuti tsoka lija silidagwere ine ndekha. Chimene ndaphunzira n'chakuti tsamba la mphatso limafuna bata, pamene tsamba la zamkatimu limafuna choonadi, ndipo ife tikumana masamba awiriwa zinthu zimenezi.

Mwambo wopereka buku kwa munthu si wadzulo, ndipo sitifunika kupita kutali kuti tiuone. Aliyense amene adatsegulapo Buku Lopatulika akudziwa kuti Uthenga Wabwino wa Luka ndi buku la Machitidwe a Atumwi onse awiri amayamba ndi kutchula munthu mmodzi, Teofilo. Mabuku amene awerengedwa ndi mitundu yonse ya anthu adayamba ngati mawu opita kwa munthu mmodzi. M'nyengo yomweyo, m'chaka cha 77, mlembi wa ku Roma, Pliny wamkulu, adapereka buku lake la zachilengedwe, la magawo 37, kwa Titus, mwana wa mfumu Vespasian. Chochititsa chidwi n'chakuti gawo loyamba la bukulo ndi mndandanda wa zamkatimu, ndipo Pliny adafotokoza chifukwa chake m'kalata yoperekera bukulo. Titus adali munthu wotanganidwa ndi ntchito za boma, choncho mndandandawo udali womuthandiza iye, pamodzi ndi owerenga ena onse, kupeza chimene akufuna popanda kuwerenga zonse. Apa tikuona kuti masamba athu awiriwa ndi apachibale kuyambira kale, koma lililonse lili ndi ntchito yake. Mphatso imayang'ana munthu mmodzi, zamkatimu zimatumikira aliyense wotsegula buku.

Ku Ulaya, kwa zaka mazana angapo, tsamba la mphatso lidalinso njira yopezera chakudya. Alembi ankapeza zochepa kwa ogulitsa mabuku, ndiye ankapereka mabuku awo kwa anthu olemera ndi audindo poyembekezera thandizo. William Shakespeare adapereka ndakatulo zake ziwiri zazitali, Venus and Adonis ya mu 1593 ndi The Rape of Lucrece ya mu 1594, kwa Henry Wriothesley, mkulu wolemekezeka wa ku Southampton. Ndakatulo zake zazifupi 154 zitatuluka mu 1609, tsamba la mphatso lidasayinidwa ndi wosindikiza, Thomas Thorpe, ndipo lidapita kwa munthu wongotchulidwa ndi zilembo ziwiri, W.H. Mawu ake adawayala m'zilembo zikuluzikulu, ndi timadontho pakati pa liwu ndi liwu. Papita zaka zoposa 400 koma akatswiri akutsutsanabe kuti munthuyo adali yani, ndipo ena amafufuza yankho m'kayalidwe ka zilembozo. Umenewu ndi umboni wakuti tsambali limawerengedwa, ndipo limawerengedwa ndi maso akuthwa. Palinso nkhani ya Samuel Johnson, amene mu 1747 adalozetsa dongosolo la mtanthauziramawu wake wa Chingerezi kwa Lord Chesterfield. Mkuluyo sadathandize kwenikweni m'zaka za thukuta, koma bukulo litatsala pang'ono kutuluka mu 1755 adayamba kulemba nkhani zoliyamikira. Johnson adamulembera kalata yomuuza kuti thandizo lobwera munthu atawoloka kale mtsinje lilibe ntchito. Alembi athu amene amapereka mabuku kwa aliyense amene walonjeza kukhala mlendo wolemekezeka pamwambo wokhazikitsa buku angachite bwino kuikumbukira nkhani imeneyi.

Kwathu kuno dzina lolembedwa m'buku lidakhalapo ndi kulemera kwina. Kuchokera pamkangano wa nduna wa mu 1964 mpaka pareferendamu ya mu 1993, padali mayina amene munthu sakadawatchula poyera, ngakhale mwini dzinalo akhale mnzake wa pasukulu kapena mbale wake. Lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi zisangalalo, ndipo mlembi aliyense ankadziwa kuti zolemba zake ziwerengedwa ndi maso ena owerenga enieni asadazione. Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'nyengo yotere kuika dzina la munthu patsamba loyera kudali kulengeza kuti uli naye mbali imodzi, ndipo kulengeza koteroko kukadatha kukutayitsa ntchito kapena ufulu. Lero tikhoza kulemba dzina lililonse limene tafuna. N'zomvetsa chisoni kuti ufulu utabwera m'pamene tidayamba kulichita tsambali mwachisawawa.

Vuto loyamba ndi mutu umene timaika pamwamba pake. Liwu la Chingerezi lakuti dedication lili ndi matanthauzo awiri. Limanena za khama la munthu pantchito yake, komanso za kupereka chinthu kwa wina. Womasulira wothamanga amatola tanthauzo loyamba n'kulemba kuti "Kudzipereka," osaona kuti mphatikiri -dzi- akubweza ntchitoyo kwa mwini wake. Namwino wodzipereka timamudziwa, koma mlembi patsambali sakupereka thupi lake, akupereka buku. Ena amalemba kuti "Chopereka," liwu limene m'makutu mwa ambiri limanunkha mbale ya kutchalitchi. Ena amalemba "Mphatso," ndipo ili ndi labwinopo, n'chifukwa chake ndaligwiritsa ntchito m'nkhani ino. Komabe maganizo anga ndi akuti patsamba lenilenilo mutu sufunika n'komwe. Chichewa chili ndi kaliwu ka zilembo zitatu, "kwa," kamene kamasenza ntchito yonse. Munthu akatsegula tsamba loyera n'kupeza mawu akuti "Kwa amayi anga," safunika chikwangwani chomuuza chimene akuwerenga. Pomupatsa mnzathu nkhuku sitiyamba ndi kulengeza kuti tsopano tafika pagawo la mphatso. Timangogwada n'kupereka ndi manja awiri.

Vuto lachiwiri ndi kutalika. Ndaona masamba a mphatso odzaza kuchokera pamwamba mpaka pansi: Mulungu Wamphamvuzonse, makolo, akazi anga okondedwa, ana asanu aliyense ndi dzina lake, abusa, aphunzitsi onse kuyambira sitandade 1, anzanga a kuntchito, wotayipa, ndi onse amene sindidawatchule asadandaule. Zimamveka ngati mapulogalamu a moni apawayilesi aja, amene munthu amatchula mudzi wonse mpweya usadamuthere. Ine ndimagwira ntchito m'boma, ndipo mndandanda wotere ndimauzindikira msanga. Ndi uja timalemba pansi pa kalata kusonyeza amene alandire kope, kuyambira wamkulu kutsikira kwa wamng'ono, ndipo timaulemba ndi mantha kuti wina tikamuiwala atisungira chakukhosi. Kalata ya ku ofesi iyenera kutero chifukwa ntchito yake ndi kudziwitsa. Koma mphatso yogawira anthu 30 imasanduka chiphaso chosonyeza kuti mlembi sadaiwale aliyense, ndipo amene adavutikadi chifukwa cha bukulo, mwina mayi amene ankazimitsa nyali yake kuti palafini atsalire mwana wowerenga, amamira pakati pa khamu. Chinanso, timasakaniza mphatso ndi mbiri ya moyo wathu, kufotokoza mavuto onse amene tidakumana nawo polemba. Zimenezo zili ndi malo ake m'mawu oyamba.

Ndikudziwa kuti ena anditsutsa, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Adzati mutu umodzi susenza denga, buku la Mmalawi limalembedwa ndi mudzi wonse, ndipo kusankha munthu mmodzi ndi khalidwe lachizungu lodzikonda. Ndikuvomera kuti ife sitikula tokha ndipo kusathokoza ndi mwano. Koma buku lili kale ndi tsamba la kuthokoza, limene likhoza kutalika mmene mlembi afunira, ndipo m'menemo ndi moyenera wotayipa, mkonzi, bungwe limene lidapereka ndalama ndi mnzathu amene adatibwereka kompyuta. Kuthokoza ndi kubweza ngongole, pamene mphatso ilibe ngongole. Ndipo kusankha mmodzi si chinthu chachilendo pamwambo wathu. Mwana akabadwa, ambiri amathandiza: azamba, anakubala, oyandikana nawo nyumba amene amabweretsa nkhuni ndi ufa. Onsewo amathokozedwa, koma mwanayo akamatchedwa dzina la malemu agogo ake, amatenga la mmodzi, ndipo palibe amene amati enawo anyozedwa. Mphatso ikhozanso kupita kwa gulu, monga kwa amayi oswa miyala m'mbali mwa msewu kapena kwa ana amene adasiyira sukulu panjira, malinga ganizo lake likhale limodzi, loti munthu angalinene ndi mpweya umodzi.

Tsopano tione kayalidwe ka tsambalo. Osindikiza mabuku ali ndi dongosolo limene lakhazikika kwa zaka zambiri. Tsamba la kudzanja lamanja limakhala ndi nambala monga 1, 3, 5, ndipo ndi limene diso limayamba kugwerapo munthu akatsegula buku, choncho zinthu zolemekezeka zimayambira kumeneko. Masamba oyambirira amawerengedwa ndi manambala achiroma a zilembo zazing'ono. Kawirikawiri tsamba i limakhala ndi dzina la buku lokha, ii limakhala lopanda kanthu, iii ndi la dzina la buku, la mlembi ndi la osindikiza, iv ndi la umwini, v ndi la mphatso, vi lopanda kanthu, ndipo zamkatimu zimayambira pa vii. Manambala achiromawa ali ndi chifukwa chake. M'masiku oyala zilembo zachitsulo masamba oyambirira ankakonzedwa pomalizira, ndipo kuwapatsa manambala awoawo kunkathandiza kuti akachuluka kapena kuchepa, manambala a buku lonse asasinthe. Patsamba la mphatso mawu amakhala pakati, chakumtunda pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pamwamba. Zilembo zake zikhale za mtundu womwewo wa m'buku lonse, zoima kapena zopendekera, osati zokulirapo. Nambala ya tsambalo imawerengedwa koma siisindikizidwa. Sipafunika mpanda wa maluwa, chithunzi cha nkhunda kapena mtima wolasidwa ndi muvi. Malo oyera ozungulira mawuwo ndiwo ulemu wake, monga mmene anthu amakhalira chete wamkulu akafuna kuyankhula.

Apa wosindikiza adzanena za mtengo wa pepala, ndipo ndani angamutsutse poona mmene zinthu zakwerera? Koma tiyeni tiwerengere bwino. Buku silisindikizidwa tsamba limodzilimodzi. Pamakina akuluakulu pepala limodzi lalikulu limanyamula masamba 8 mbali iyi ndi 8 mbali inayo, ndipo likapindidwa katatu limatulutsa masamba 16. Buku la masamba 92 limadya mapepala 6 otere, amene ndi masamba 96, kutanthauza kuti masamba 4 amatsala opanda kanthu ngakhale mlembi afune kapena asafune. Ngakhale osindikiza ang'onoang'ono amene amapinda pepala la A4 pakati kuti likhale A5 amawerengera masamba anayianayi. Nthawi zambiri, tsono, tsamba la mphatso limakhala lolipiridwa kale, kungoti masamba otsalawo timawataya kumapeto kwa buku m'malo mowaika kumene akufunika. Kabuku kanga kaja ndidakapeza ndi masamba atatu oyera kumapeto, pamene achemwali anga adapanikizidwa pansi pa keyala. Ndipo zikavutadi kuti malo palibe, kuli bwino kuchotsa tsamba loyamba lija la dzina la buku lokha kusiyana ndi kukankhira mphatso pakati pa mawu a zamalamulo.

Tsamba la zamkatimu lili ndi khalidwe lina. Ilo ndi lonjezo. Likanena kuti ndakatulo yakuti ili patsamba 47, wowerenga amapita pa 47 ndi chikhulupiriro chonse, ndipo akapeza zina, chikhulupirirocho chimagwa, osati patsambalo pokha komanso pabuku lonse. M'maofesi a boma kalata iliyonse yolowa mufayilo imapatsidwa nambala yake, imene timaitcha foliyo. Bwana akalemba kuti onani foliyo 23 ndipo pa 23 pali kalata ina, ntchito imaima mpaka wosunga mafayilo afotokoze. Ife alembi sitifunsidwa ndi aliyense, n'chifukwa chake tazolowera. Koma taganizirani mphunzitsi wa Chichewa amene ali ndi buku limodzi pakati pa ophunzira ambirimbiri, wauza kalasi kuti titsegule ndakatulo yakuti, ndipo mphindi zisanu zikutha akufunafuna. Zolakwika zimene ndimazipeza kawirikawiri ndi zitatu. Manambala onse amasemphana ndi masamba awiri chifukwa wina adachotsa kapena kuwonjezera tsamba mndandanda utalembedwa kale. Mutu wa m'zamkatimu umasiyana ndi wa m'kati chifukwa mlembi adausintha pomalizira n'kuiwala kubwerera. Ndipo timadontho tolumikiza mutu ndi nambala timatayipidwa ndi chala kamodzikamodzi, kotero kuti manambala amakhotakhota ngati mzere wa chimanga chodzala mwana.

Nanga mphatso ilowe m'zamkatimu kapena ayi? Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Mwambo wa osindikiza ndi wakuti zamkatimu zimatchula zimene zikubwera kutsogolo kwake, monga mawu oyamba, mitu ya nkhani ndi matanthauzo a mawu kumapeto. Zimene wowerenga wadutsa kale sizitchulidwa, chifukwa palibe amene amalozera mlendo njira imene wadzera. Chifukwa chachiwiri n'chakuti palibe wowerenga amene amafunafuna tsamba la mphatso kudzera mumndandanda. Amakumana nalo yekha, ndipo kukumana mosayembekezera kumeneko ndi mbali ya kukoma kwake. Chachitatu, kuika mphatso pamzere umodzi ndi mitu ya nkhani kumaisandutsa katundu wa m'buku, chonsecho iyo ndi mawu a mlembi mwini atavula chovala cha wofotokoza nkhani. Ndikudziwa kumene chizolowezichi chidachokera. Masukulu ambiri a ukachenjede amalamula kuti m'zolemba za kafukufuku chilichonse cha kumayambiriro chitchulidwe mumndandanda, ndipo wophunzira ayenera kumvera lamulo la sukulu yake. Cholakwika n'chakuti tikatuluka m'sukulumo timanyamula lamulolo n'kukaliika pabuku la ndakatulo, limene silikupita kwa woyesa mayeso aliyense.

Kompyuta nayo ili ndi mbali yake pankhaniyi. Nyumba zosindikizira mabuku za mishoni, monga za ku Nkhoma, ku Likuni ndi ya Montfort ku Limbe, zimene zidatulutsa mabuku ambiri a Chichewa, zidali ndi anthu amene adaphunzira kuyala masamba pamanja pa akuluakulu awo. Makompyuta atafala, aliyense wodziwa PageMaker kapena Microsoft Word adasanduka wokonza mabuku. Zimenezi zidatsegula khomo kwa alembi ambiri amene kale sakadasindikiza kanthu, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo, koma luso lija silidasamuke pamodzi ndi makinawo. Mu Word, mndandanda wa zamkatimu ukhoza kudzipanga wokha potola mzere uliwonse umene wapatsidwa sitayilo ya Heading. Choncho wotayipa akaika mutu patsamba la mphatso n'kuupatsa sitayilo imeneyo, mutuwo umalowa mumndandanda popanda woutuma. Akawonjezera ndime penapake n'kuiwala kuuza kompyuta kuti ikonzenso mndandanda, manambala akale amatsala momwemo. Pulogalamu ya LaTeX, imene akatswiri a masamu ndi sayansi amakonda, imachita mwanzeru pamenepa. Mutu woikidwa kanyenyezi supatsidwa nambala ndipo sulowa m'zamkatimu pokhapokha mlembi atalamula yekha ndi mzere wapadera. Komanso pulogalamuyi imafuna kudutsa m'buku kawiri kuti manambala a mumndandanda akhale oona. Ngati makina amawerenga kawiri asanalonjeze, ife tikuthamangira kuti?

M'mabuku a alembi ambiri, ngati lino, tsamba la zamkatimu limasenzanso nkhani ya chilungamo. Kwa mlembi wongoyamba kumene, mzere umodzi umenewo ndi umene adzaonetse makolo ake ndi mphunzitsi wake wakale. Dzina lake liyenera kukhalapo pambali pa mutu wa nkhani yake, lolembedwa mmene mwini amalilembera, m'zilembo zofanana ndi za wina aliyense. Sindiona chifukwa choti ena atsogoze maudindo awo a sukulu kapena a ndale mumndandanda pamene anzawo ali ndi mayina okha, popeza maudindowo ali ndi malo ake kumapeto, pofotokoza mbiri za alembi. Kalembedwe ka mawu nakonso kamaonekera msanga patsambali. Bungwe la Chichewa Board lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ndipo kuyambira 1996 ntchitoyi idapita ku Centre for Language Studies. Alembi a mibadwo yosiyana adaphunzira malamulo osiyana, choncho si zachilendo kupeza "mau" mumndandanda ndi "mawu" m'kati, kapena mutu wa tsambalo utalembedwa "Za Mkatimu" m'buku ili ndi "Zam'katimu" m'buku ilo. Sindikuweruza pano kuti cholondola ndi chiti. Ndikungopempha kuti mkonzi asankhe njira imodzi n'kuitsata kuyambira pachikuto mpaka kumapeto.

Udindo wa zonsezi uli ndi ife alembi ndi akonzi athu, chifukwa dzina limene lili pachikuto ndi lathu. Wokonza masamba ali ndi ntchito zambiri patsiku, makhadi aukwati, mapulogalamu a maliro, makalendala, ndipo sangadziwe kuti mizere iwiri ija ndi ya munthu amene adatilera. Tiyenera kumuuza, ndipo pulufu ikabwera tiyambe kuwerenga patsamba i, osati pamutu woyamba. Titenge pensulo, tiike chala pamzere uliwonse wa zamkatimu, titsegule tsamba limene latchulidwa ndi kuona ngati mutu ndi nambala zikugwirizana. Tione ngati dzina la patsamba la mphatso latuluka bwino, makamaka likakhala ndi ŵ kapena ng', popeza mitundu ina ya zilembo za pakompyuta ilibe ŵ ndipo imaika kabokosi m'malo mwake. Ntchito yonseyi siitha ola limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo buku likasindikizidwa cholakwika chimakhala m'makope onse mpaka mapepala adzathe ndi chiswe.

Patapita zaka zingapo ndidapeza kangachepe kosindikizanso kabuku kanga kaja. Nkhani za m'katimo sindidasinthe ngakhale liwu limodzi, ngakhale zina ndikaziwerenga lero zimandichititsa manyazi. Ndidangokhala pambali pa wokonza masamba mpaka tidachotsa mutu uja, tidasamutsa mizere iwiri ija kupita patsamba v payokha, ndipo tidayesa nambala iliyonse ya mumndandanda. Ndidatenganso buku limodzi kupita nalo kwa alamu anga. Ulendo uno sadafunefune. Adatsegula, adatembenuza masamba awiri, adaima. Adakhala chete nthawi yaitali ndithu, kenaka adaitana mwana wawo wamkazi amene adali kutsuka mbale kuseri, n'kumupatsa bukulo lili chitsegukire. "Tabwera kuno," adatero, "udzawerenge dzina la amayi ako."